Zimene Isaías Ankatsamira

Pamsika wa ku Zóbuè, ukafunsa munthu woti akuperekezere katundu mpaka ku Moatize osasowa ngakhale mbatata imodzi, aliyense akulozera Isaías. Ndi bambo wamfupi, wa mapewa otakata, kolona wakuda m'khosi. Koma thumba losoka kukamwa sakwera nalo. Ukakakamira amangotola chipewa chake n'kuchoka. Khalidwe limeneli lili ndi pomwe linayambira.

Nkhondo itatha, Isaías anabwerera kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi ali ndi khasu lopatsidwa, poto mmodzi ndi ludzu la kachasu. Khasu analimwera. Poto anatsatira. Mkazi wake Bernardina anabereka mwana wawo Silvia kumbuyo, ulendo wa kwa makolo ake ku Nkondezi, ndipo mawu amene anasiya anali ochepa: "Ndidzabwera m'kamwa mwanu mukadzasiya kununkha. Fungolo ndikadzalimvanso, musadzavutike kunditsatira."

Amene anamutola m'ngalande anali Venâncio, kumpadre wake, yemwe anagwira Silvia paubatizo. Venâncio ankagula mbatata ya kachewere m'minda ya kumtunda n'kumatumiza ku Moatize pa kamyau, galimoto yaikulu ya katundu. Anamusambitsa, anakhala naye masiku amene manja ankanjenjemera mpaka phala kutayikira pachifuwa, anamuveka kolona uja, napita yekha ku Nkondezi kukamupepesera. Bernardina atabwerera, Venâncio anawonjezanso ntchito: Isaías azikwera pamwamba pa matumba ndi kukawapereka kwa anthu ake kumunsi.

Mbiri yake inayenda msewu wonse. Pa kontrolo, pomwe apolisi ankamasula matumba a ena kufunafuna katundu woletsedwa, iye ankangomukwezera dzanja. "Pitani, a katekista! Mutipemphererenso ife." Isaías ankaseka, mtima uli mbee.

Koma ulendo wotsika ndi wautali. Kamyau ikachoka m'mphepo ya kumapiri n'kulowa m'ng'anjo ya ku Tete, tulo tinkamugwira, iye n'kutsamira thumba. Apo ndi pomwe kankabwera kabotolo. Kutuloko ankakatsegula ndi mano, n'kumva moto uja ukutsika pakhosi mpaka kukafika pamchombo. Ankadzidzimuka mtima ukugunda, malovu atadzaza m'kamwa, n'kuuzira mpweya m'manja kuti adzinunkhize. Sanamwe. Komabe ludzulo linkatsika naye pagalimoto. Ku Moatize ankazungulira njira yaitali kuti asadutse pomwe amayi ogulitsa kachasu ankayala mabotolo, ankatafuna nzimbe mpaka nsagwada kuwawa, ndipo zikavuta ankakakhala pakhonde la loja, sitolo ya Hassane, Msilamu wogulitsa nsalu, kumwa tiyi wotentha mpaka galimoto yobwerera ipezeke.

Tsiku lina anaulula. "Akumpadre, ine kutulo ndikumwa."

Venâncio anaseka mpaka kugwira bondo. "Kutulo salipiritsa, imwani ndithu!" Kenako nkhope inasintha. "Ndi Satana ameneyo, akufuna nkhosa yake. Pempherani kwambiri. Koma akumadre, akazi anuwo, musawauze. Mkazi akamva mowa safunsa ngati ndi wa kutulo kapena wa m'botolo."

Isaías anamvera. Anawerenga kolona mpaka mikanda kusalala, anasala zakudya Lachisanu, ndipo pamaso pa Bernardina ankayenda ngati munthu wobisa chilonda. Ankadziona wovunda m'kati. Ena akasiya amasiya, iye bwanji?

Zinaululika nyengo ya mvula. Atatsala pang'ono kulowa m'Moatize, kamyau inagwera m'dzenje lomwe madzi anabisa. Matumba anagundana, ndipo Isaías, amene anali m'kati mwa loto lake lija, anadzuka msana uli chinyowere. Fungo la kachasu wa kutulo silinathe ngati masiku onse. Linakula. Anang'amba ulusi wa thumba lomwe anatsamira, nalowetsa mkono m'mbatata, ndipo zala zinagunda pulasitiki. Chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, chong'aluka pakhosi, kachasu akuchucha. Anang'amba thumba lachiwiri. Chinanso.

Dalaivala atatsika kudzaona tayala, anamupeza atakhala mkono uli m'mwamba, ukudontha kuyambira pachigongono.

"Aa, bambo, mukudabwa chiyani? Ife tonse timayesa mumagawana ndi a Venâncio. Nanga wa kolona amamufufuza ndani?"

Isaías anatsitsa mkono uja. Dontho limodzi linali kuyenda pachala chake chachikulu, ndipo lilime lake linali litadziwa kale njira. Palibe akanaona. Kunyambita chala si kumwa. Anayang'ana dontholo mpaka maso kuchita chidima, kenako anadumpha pansi, navika mkono wonse m'matope a m'dzenjemo, n'kupaka, n'kupaka, mpaka khungu kutentha.

Katundu anamusiya pomwepo. Anakwera galimoto yoyamba yopita kumtunda ndipo anakapeza Venâncio kuseri kwa nyumba yake akusoka matumba a mawa.

"Akumpadre, munayamba liti?"

Venâncio anayang'ana malaya, anayang'ana matope, singano osaisiya. "Kachewere yekha salipira kamyau, mukudziwa inunso."

"Ndafunsa kuti munayamba liti. Musanandiveke kolonayu, kapena mutandiveka?"

"Mwamwa kodi? Simunamwe. Ndiye mwapwetekedwa pati? Ndinakutolani muli ngati galu wakufa, lero muli ndi mkazi, muli ndi denga."

"Ndinkabwera kwa inu ndikulira. Munkandiuza kuti ndi Satana."

"Nanga ndikanati chiyani?"

Isaías anagwira kolona kuti amuvule amuponyere pamapazi pake. Anaima. Mapemphero amene anadutsa pamikandayo anali ake, osati a Venâncio. Anabwezera kolona m'malaya natuluka.

Chotsala chinali chovuta kuposa zonse. Akanatha kuchapa malayawo kumtsinje n'kufika kunyumba atauma. Sanatero. Bernardina anali pakhomo akusenda nyemba, ndipo fungo linamufika mwamuna wake asanafike. Anaika lichero pansi pang'onopang'ono.

"Silvia, lowa m'nyumba."

"Mayi a Silvia, ndimvereni kaye."

"Sindikufuna mawu. Bwerani kuno. Uzirani."

Isaías anagwada, nauzira mpweya kumaso kwa mkazi wake. Bernardina anatseka maso. Anati auzirenso. Munali fungo la nzimbe ndi njala basi.

"Vulani malayawo, muwasiye panja. Kenako mundiuze."

Anamuuza zonse, za zigubu, za dalaivala, ndi za maloto amene anabisa nthawi yonseyo. Pa za Venâncio, Bernardina anangolavula pambali. Pa za maloto ndi pomwe anakwiya. "Munauza munthu wosoka matumba, ine wogona pambali panu osandiuza?"

Isaías ankayembekeza kuti zigubu zikachoka pansi pa mutu wake, kabotolo kaja kachokanso. Sikanachoke konse. Kamabwerabe mwa apo ndi apo, makamaka nyengo yotentha, pamwamba pa katundu amene wamuona yekha mpaka pansi. Akafika kunyumba amangoti, "Lero ndamwanso," ndipo Bernardina amafunsa kuti, "Kuti?" Iye amati, "Kutulo." Mkaziyo amateleka madzi a tiyi.

Venâncio amakhalabe benchi lachitatu kutchalitchi. Silvia akakumana naye amamupatsa moni wa ulemu, poti ndi amene anamugwira paubatizo. Isaías amayang'ana kumbali.