Maso a Atelala

Atelala a pakhonde la sitolo ya nsalu ndi munthu wosaseka chisawawa. Kwa zaka zambiri, akazi awo akamaonera sewero loseketsa la pa kanema, iwo ankakhala pakona n'kumasokerera mabatani, akung'ung'udza kuti munthu wamkulu sangamatayire nthawi pa zachibwana.

Kenaka matenda a shuga anawatseka maso mayiwo. Sewero lija likayamba, ankangomva anthu a mukanemamo akufa ndi phwete, osadziwa chimene chachitika. Tsiku lina anati, "Zimitsani, bambo. Kuseka kwa anzako kumapweteka iwe ukakhala kunja." Chiyambire kusaona anali asanasekepo, ndipo zimenezi zinawadya mumtima atelala.

M'mawa mwake anagwira ntchito mofulumira, navindikira makina dzuwa likadalipo. Atafika kunyumba anakokera mpando pafupi ndi akazi awo. "Lero ndikhala maso anu," anatero.

Koma maso a telala saona monga a anthu ena. Pamene mkamwini wa m'seweromo ankabisalira apongozi ake kunsi kwa tebulo, iwo anali kufotokoza za kolala yopotoka.

"Nanga akuseka chiyani?" anafunsa mayiwo.

"Sindinaone bwino. Koma jekete wavalalo mapewa ake ndi a munthu wina."

"Ine ndinakwatiwa ndi tepi yoyezera," anadandaula mayiwo. "Ndiuzeni za anthu, bambo, osati za nsalu."

Atelala anayesetsa ndithu, koma mkamwiniyo atatuluka kunsi kwa tebulo, diso lawo linakakamira pa buluku lake. "Mayi, msoko wakumbuyowo anangousoka kamodzi, ndiponso ndi ulusi wofooka. Munthuyu akangowerama, tiona zochititsa manyazi."

Asanatseke pakamwa, mkamwini anawerama kuti atole chipewa cha apongozi ake. Buluku linang'ambika ndi phokoso loti ngakhale wosaona analimva.

Mayiwo anaseka mpaka kutsokomola, akumenya bondo la amuna awo. "Munadziwa bwanji, mfiti inu?"

"Ndi ntchito, mayi," anayankha atelala, akuwongola kolala yawo pang'onopang'ono.

Mpaka lero, nthawi ya sewero ikayandikira, wobwera ndi chovala amapemphedwa mwaulemu kuti abwere mawa. Mayiwo amafunsa za misoko ya aliyense wolowa m'seweromo, ndipo kuseka kwawo kumamveka mpaka kwa aneba. Atelala savomerabe kuti sewerolo amalikonda. Amati iwo amangokhalapo kuti ayendere ntchito ya anzawo osoka.