Tsiku limene tinalira maliro a adadi ali mtulo

Anthu a mumzere wathu ku Area 23 akamafotokoza nkhani iyi amaithira mchere wambiri, ena mpaka amati panabwera galimoto itanyamula bokosi, ndiye ndati ndiilembe ndekha, ine mtsikana amene ndinaiyambitsa. Sindinawonjezepo kanthu, ndipo wokayika abwere adzaone mpanda wa udzu wa pafupi ndi kwathu, umene uli ndi chigamba mpaka lero.

Adadi ndi mlonda ku nyumba zosungiramo fodya ku Kanengo, amagwira ntchito usiku n'kumagona masana. Chibadwire changa mkonono wawo unali ngati chigayo cha dizilo, koma choopsa sichinali phokosolo ayi, chinali pamene phokosolo laduka. Ankangoti zii, chifuwa osasuntha, kenako n'kudzidzimuka ngati munthu amene amamumiza m'madzi. Kuchipatala anawauza kuti pakhosi pawo pamatsekeka akagona, ndiye mnzawo wina wa ku Joni anawapezera makina amene adokotala analemba: kabokosi ngati wailesi, kokhala ndi kathanki ka madzi, paipi yaitali ndi masiki yomangira kumaso, kamene kamapopera mpweya kuti njira isatsekeke. Mkonono unatha tsiku lomwelo. Koma adadi anatiletsa kuuza munthu aliyense, akuti anthu akangomva aziti ali pa okosijeni, ndipo inu mukudziwa kuti kuno ukati munthu ali pa okosijeni anthu amayamba kufunsa kuti kumudzi kwawo ndi kuti.

Ndili Fomu 2, nyengo yozizira, adadi anadwala chimfine chachikulu cha chifuwa. Adokotala anati asasiye makinawo, koma tizitsuka masiki ndi paipi ndi sopo tsiku lililonse, ndipo azigona okha chifukwa mpweya wotuluka pamasikipo ukhoza kugawira ena chimfinecho. Loweruka lake amayi popita kumsika kumene amagulitsa kaunjika anandisiyira malamulo awiri okha: munthu asalowe kuchipinda, ndipo magetsi akathima ndithamange ndikalumikize makinawo ku batire. Kodi pali chovuta pamenepo?

Cha m'ma 10 koloko kunatulukira azakhali, mlongo wawo wa adadi, kuchokera ku Dowa, atasenza dengu la mbatata, akuti anamva kuti achimwene awo sakupeza bwino. Azakhali amenewa ine ndinali nawo mangawa a mumtima. Ulendo wapitawo anandikoka khutu pamaso pa anzanga, n'kunena kuti atsikana a m'tauni timangodziwa kuseka ndi foni, ngakhale maliro atagwa sitingadziwe pokhala. Atatula dengu anaima chilili n'kutchera khutu, chifukwa iwo anakula ndi mkononowo, ndipo anandifunsa kuti ngati bambo anga ali mtulo, bwanji nyumba ili chete chonchi.

Apa ndiye pamene mzimu wofuna kubwezera unandilowa. Ndinazyolika, n'kukoka mamina, n'kunena motsitsa mawu kuti amayi anati munthu asalowe, koma akhoza kusuzumira ali pakhomo. Ndinatsegula chitseko pang'ono. Adadi anali chagada, atafunda nsalu yoyera mpaka m'khosi, masiki kumaso, ndipo m'makutu munali thonje limene amatseka nalo kuti asamve nyimbo za pa babashopu ya kuseri kwathu. Tangoganizani, munthu wakumudzi amene thonje analiona komaliza pa mtembo wochokera kumotchale. Azakhali anandifunsa ngati zachitika m'mawa womwewo, ine n'kungogwedeza mutu, phewa likunjenjemera. Iwo ankayesa ndikulira, chonsecho ndinali ndikulimbana ndi chiseko.

Ine ndinkaganiza kuti angokuwa kamodzi ine n'kuwaululira. Azakhali anatuluka manja ali kumutu, n'kudzigwetsa pabwalo, n'kuyamba kuitana achimwene awo ndi mawu amene anamveka mpaka ku Kaliyeka. Pasanathe mphindi khumi azimayi a mumzere anali atafika zitenje zili m'chiuno, aliyense akuyambira kulira pageti. Azibambo anayamba kutulutsa masofa athu pabalaza kuti azimayi apeze pokhala, anyamata anathyola nthambi n'kukaika pamsewu, ndipo mkulu wina wa kumpingo anaima pakhomo la chipinda n'kulamula kuti wina asalowe mpaka mayi wa pakhomo afike. Ine anandikhazika pamphasa pakati pa azimayi, wina akundisisita pamsana, wina akundipatsa madzi. Ndinene zoona, sindinasamalidwepo chonchija pamoyo wanga. Munthu wina anati adadi anali ofatsa, yemweyo amene dzana lake anakangana nawo za madzi a m'ngalande.

Ndili mkati mokoma momwemo ndinazindikira kuti nyimbo za pa babashopu zasiya. Ndinayang'ana kagetsi ka pamita, kanali kozima. Zinasiya liti? Sindinkadziwa. Ndinadumpha miyendo ya azimayi, n'kudutsa m'khwapa mwa mkulu wa mpingo uja, iye akuti musiyeni mwana akatsanzike bambo ake.

M'chipindamo munali zii weniweni. Makina anali atazima, adadi kukamwa kuli yasa mkati mwa masiki, chifuwa chili phee ngati thabwa. Ndinawerenga mumtima mpaka khumi, osapuma. Makumi awiri, osapuma. Kunja azakhali anali akufunsa achimwene awo kuti awasiyira yani, azimayi atayamba nyimbo, ndipo ine ndinakumbukira zimene akuluakulu amanena, kuti ukalirira munthu wamoyo imfa imamva n'kubwera kudzaona amene akuiitana. Ndinagwada kuti ndilumikize batire koma chingwe chinkangondipulumuka. Ndinaganiza za amayi, kuti ndikawauza chiyani, kuti ndapha adadi chifukwa cha khutu limene azakhali anandikoka chaka chatha? Pamenepo ndinalira kulira kwenikweni, ndinagwira adadi paphewa n'kuwagwedeza ndi mphamvu zanga zonse.

Anatulutsa mkonono umodzi wokha, waukulu ngati ng'ombe ikuphedwa, n'kudzambatuka akutsokomola. Kunja nyimbo inaduka pakati. Adadi anachotsa thonje khutu limodzi, n'kumva kusisima, n'kundiona ine misozi ili mbwembwembwe, ndipo anandifunsa kuti amayi anga ali kuti. Ndisanayankhe, iwo anali ataganiza kale kuti amayi agundidwa ndi minibasi. Anazula paipi kumakina, osakumbukira kuvula masiki, n'kutuluka atadzikulunga nsalu yoyera ija, paipi ikulendewera ngati chitamba cha njovu, akulira mokweza kuitana mkazi wawo.

Abale anga, sindinadziwe kuti azimayi onenepa amathamanga chonchija. Mkulu wa mpingo anatulukira pawindo Baibulo n'kulisiya. Mayi amene ankandisisita uja anaboola mpanda wa udzu n'kupitirira nawo. Azakhali anayamba kukwawa chafutambuyo akupepesa, akuti mbuzi ija anagulitsa osawauza achimwene adzabweza, angobwerera mwamtendere kumene achokera. Nkhani ya mbuziyo adadi anaimvera pomwepo. Nthawi yomweyo amayi anatsika pa kabaza atavula nsapato, chifukwa wina anali atawaimbira foni, ndipo iwo ndi adadi anakumana pageti aliyense akulira maliro a mnzake.

Zimene zinandichitikira madzulo ake sindilemba, koma kwa masiku atatu ndinkadya chilili. Masofa ndinalowetsa ndekha, nthambi ndinakachotsa ndekha, ndipo anandiyendetsa khomo ndi khomo kukapepesa. Chimene chinandipweteka ndi nkhope ya amayi pageti paja, imeneyo yokha ndimaipewa kuikumbukira. Zinazo ayi. Mawa lake adadi anaitana anthu a mumzere n'kuwaonetsa makinawo, n'kuwavalira masiki iwo akuona, ndipo bambo wina amenenso ankaliza mkonono wodukiza anapita kukapimitsa. Azakhali masiku ano amaimba foni asanabwere, khutu langa sanaligwirenso, ndipo sanganenenso kuti sindidziwa pokhala pamaliro, poti ndinakhala pakati penipeni.

Kodi ndimakhulupirira kuti kulira kuja kunaitana imfa? Kusukulu ndingayankhe kuti ayi, anali magetsi ndi pakhosi potsekeka, ndipo adokotala anati adadi akanadzidzimuka okha monga ankachitira kale. Koma adokotalawo sanali m'chipinda muja akuwerenga mpaka makumi awiri. Mpaka lero ndikamadutsa pakhomo la adadi masana ndimaima kaye mpaka nditamva kampweya kaja kakuti fuu, ndipo magetsi akathima ndimafika pa batire amayi asanatsegule pakamwa.

Ndiye inu amene muli ndi makina otere pakhomo, musawabise ngati chithumwa. Aonetseni abale anu mwini wake ali maso, akuyankhula, makamaka akadwala chimfine anthu n'kumabwera kudzazonda. Batire likhale lodzaza, thonje musankhe la mtundu wina, ndipo pakhomo la wodwala musasiyepo mwana amene azakhali ake anamukokapo khutu.