Kaitane Amuna Ako

Mayi Phyllis Chikoti anasambitsa anthu ambiri m'moyo mwawo kuposa amene anawadyetsa. Anafika ku London ali mtsikana, akutsatira amuna awo a Rowland amene anathawa kwawo ku Ntcheu nthawi ija pakamwa pankaphetsa munthu. Kuyambira pamenepo ntchito yawo inali yosamalira okalamba m'nyumba za ku Lewisham ndi madera oyandikana: kuwadzutsa pabedi, kuwapukuta, kuwasintha zovala zonyowa. Agogo ena achizungu ankawatukwana, ena ankawaitana ndi dzina la mwana wawo womwalira. Iwo ankangoti "Yes, darling," n'kupitiriza kupukuta. Thupi la munthu wina silinkawachititsa manyazi ngakhale pang'ono. Thupi lawolawo ndiye inali nkhani ina.

Unayamba ndi msana, monga umayambira kwa aliyense wonyamula anzake. Kenako mwendo wamanzere unayamba kuchita dzanzi osatsanzika, munthu kungozindikira ali pansi. Ndiye panali chinanso chimene sankachitchula ngakhale popemphera: chikhodzodzo chinasiya kuwamvera. Ntchito inatha. Boma linayamba kuwapatsa ndalama za odwala, zimene anthu a kuno amangoti benefit. Zinali zochepa, koma zinkakwana kuti akhalebe m'flat mwawo, m'mene a Rowland anamwalirira. Khomo lawolawo, chimbudzi chawochawo. Munthu wa matenda otere, chimbudzi chosagawana ndi wina amachiwerengera kuposa golide.

Mwana anali naye mmodzi, Mada, wobadwira konkuno, namwino, wa Chichewa chomva koma choyankha m'Chingerezi. Anakwatiwa ndi Killian, mnyamata wa ku Katete m'dziko la Zambia, woyendetsa basi. Tsiku limene Mada anabwera naye koyamba, Killian ananjuta pakhomo, kuwomba m'manja, maso pansi. A Phyllis mtima unakhala m'malo. Anali atataya kale chiyembekezo choti m'London muno angapeze mkamwini wodziwa kuti apongozi sayang'anidwa m'maso. Kuyambira pamenepo awiriwa ankapewana mwachikondi chachikulu. Sankadyera chipinda chimodzi, sankakhala mpando umodzi, ndipo mdzukulu Daisy atabadwa a Phyllis anasiyiratu kutchula dzina la mnyamatayo, ankangoti bambo a Daisy.

"Mum, he won't bite you," ankatero Mada akuseka. "Munthu yemweyu amakukonzerani boiler."

"Iwe sungazimve," ankayankha amayi ake, ndipo sankanama.

Loweruka lililonse Killian ankagula masamba ndi nsomba ku msika wa ku Woolwich, n'kudzazisiya m'khitchini mwa apongozi ake, poti kiyi anali nayo. Loweruka lina atatsegula anawapeza ali pansi m'kanjira kopita kubafa. Anali atagwa m'bandakucha akuthamangira kuchimbudzi, ndipo sanafikeko. Chovala chogonera chinali chitakwera m'mwamba, chonyowa, pansi ponse pali chithaphwi. Killian anakatenga bulangete kuchipinda n'kuwafunditsa, nkhope atalozetsa kukhoma, n'kuwanyamula kukawakhazika pa mpando wa m'bafa. Anatseka chitseko, anakolopa, anawiritsa tiyi n'kumusiya patebulo, n'kutuluka. Sanauze munthu, ngakhale mkazi wake. A Phyllis nawo sanauze munthu, ngakhale dokotala. Loweruka lotsatira analonjerana monga mwa masiku onse, wina pakhomo wina m'khitchini.

Patapita miyezi ingapo a boma anawaitana kuti akawayeze ngati akadali odwala moti sangagwire ntchito. Mada anali pa shift, choncho anawaperekeza ndi Killian. A Phyllis anasita chitenje chawo chabwino, kumanga duku, kuvala nsapato za kutchalitchi ngakhale zinkawapweteka, chifukwa munthu supita kwa akuluakulu ngati ukuchokera kudimba. Woyezayo anali mnyamata waulemu ndithu, wa maso osachoka pa kompyuta. Ataona Killian ataima panja anati alowe, mpando ulipo. Killian anafuna kukana, a Phyllis anafuna kumukanira, koma onse awiri anaona kuti kukana mwini ofesi n'kupanda khalidwe. Analowa n'kukhala pakona, akuyang'ana nsapato zake.

Mafunso anayamba. Mumatha kuyenda mtunda wotani? "I manage." Mumatha kusamba nokha? "I manage." Kuchimbudzi mumafika nthawi yabwino? A Phyllis anamva makutu akutentha. Mkamwini ali pomwepo! Anati amafika bwinobwino. Munagwapo m'miyezi yapitayi? Anati ayi, sanagwepo. Killian sanatukule mutu. Mkamwini asamakule mwendo, amatero akuluakulu, nanga angatsutse bwanji apongozi ake pamaso pa mlendo? Mnyamata uja analemba zimene anauzidwa. Analembanso kuti mayiyu anabwera atavala mwaudongo ndipo anaimirira yekha popereka moni.

Yankho linabwera lakuti sanapeze mapointi osonyeza kudwala ngakhale amodzi, ndi olimba, akafune ntchito. Ndalama zinaima.

Za miyezi yotsatirayo palibe chokoma chofotokoza. Inali miyezi ya kukhala ndi foni kukhutu ukumvera kanyimbo kamodzimodzi mpaka mkono kuchita dzanzi, kenako munthu akayankha akuti si ofesi yake. Anapempha kuti aionenso nkhaniyo. Anaionanso, n'kunena zomwezo. Kwina anawafunsa ngati angaganizire ntchito yosamalira okalamba, poti ali ndi luso. A Phyllis anaseka mpaka msana kuwawa, n'kulira ali m'basi pobwerera. Anazimitsa heating yotenthetsa m'nyumba, ankagona atavala jekete. Makalata a lendi anayamba kubwera ndi mawu okalipa. Chinkawatopetsa kwambiri si njala kapena kuzizira ayi, koma kuti tsiku lililonse ankadzuka ali munthu wofunika kutsimikizira anthu osawadziwa kuti akumva kuwawa.

Mada anaona kuti njira ndi yosavuta. "Mum, just come to us. Siyani flat imeneyi. Daisy agona pa sitting room."

A Phyllis anaiona m'maganizo nyumba ya Mada ya ku Woolwich ija. Zipinda ziwiri, bafa limodzi, khoma lopyapyala moti munthu akatsokomola onse amamva. Anadziona akudutsa pakhomo pa chipinda cha mkamwini ndi nsalu zonyowa m'manja, lero, mawa, mpaka kufa. Chimene chinachitika kamodzi chikanakhala cha tsiku ndi tsiku. Anati aganizira, koma mumtima anali atalumbira kuti bola kufa ndi chisanu m'nyumba mwawo.

Mnzawo wa kutchalitchi ndi amene anawalozera ku kaofesi kothandiza anthu pa nkhani zoterezi. Kumeneko anapeza mayi wina dzina lake Fiona, wotopa ngati iwo omwe, tiyi wake atazizira pakati pa mafayilo. Fiona anawauza kuti angathe kuchita apilo ku tribunal, kumene woweruza ndi dokotala amamva nkhani mwatsopano. Anati koma kumeneko asakanene za tsiku labwino, akanene za tsiku loipa. Poti anali mkazi mnzawo ndipo chitseko chinali chotseka, a Phyllis ananong'ona zonse, za mwendo ndi za chikhodzodzo zomwe. Fiona analemba, kenako anapukusa mutu. Anati vuto ndi lakuti kwa woyeza uja anakana zonsezi, ndipo kwa dokotala wawo sizinalembedwe. Anafunsa ngati alipo amene anawaonapo atagwa.

"Nobody," anatero a Phyllis.

Tsiku la mlandu linachedwa mpaka dzinja la kuno linatha, mitengo n'kuyambanso kuphuka. Anapita anthu atatu pa galimoto ya Killian, n'kukumana ndi Fiona pakhomo. Killian anatsala pa benchi ya m'khonde, chipewa chili m'manja. Chipindacho sichinali chochititsa mantha monga ankaganizira: tebulo lalitali, jagi ya madzi, woweruza wamkazi wa magalasi ndi dokotala wachikulire. Mada anakhala mbali ina ya amayi ake, Fiona mbali inayo.

Dokotala anafunsa mofatsa, ndipo a Phyllis anayesetsa. Ananena kuti amagwa. Ananena, mawu ali pansi, kuti nthawi zina kuchimbudzi safika. Mada anawacheukira modabwa. Kenako woweruza anavula magalasi n'kunena, mosakalipa, kuti ali ndi nkhani ziwiri zochokera kwa munthu mmodzi. Kwa woyeza uja mayi Chikoti anati sanagwepo ndipo alibe vuto la kuchimbudzi. Lero akunena zina. Anati akufuna kuwakhulupirira, koma amuthandize kumvetsa chifukwa chake zinasiyana.

A Phyllis anayang'ana manja awo, manja aja osambitsa anthu, ndipo anamva kutopa kwa zaka zonse kukuwatsikira m'mapewa. Anali atatopa ndi kuzizira, atatopa ndi mafoni, atatopa ndi kudzigwira. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Anaona kuti ngati akufuna kuti mkamwini asamawaone tsiku ndi tsiku, ayenera kumulola kuti awaulule kamodzi, pamaso pa mwana wawo ndi alendo atatu.

"Mada," anatero m'Chichewa, "kaitane amuna ako."

"Killian? Mum, why?"

"Ndati kaitane."

Fiona anapempha chilolezo, woweruza anavomera. Killian analowa n'kuima pafupi ndi chitseko, mpaka anachita kumuuza kawiri kuti akhale. A Phyllis analankhula atayang'ana jagi ya madzi.

"Bambo a Daisy, auzeni anthuwa zimene munapeza Loweruka lija. Zonse. Muwauzenso chifukwa chake ndinakana kwa mnyamata woyeza uja."

"Amai," anatero Killian, "siningakwanise kukamba ivo pamenso panu."

"Ndakulolani ndine. Nenani."

Ananena. Ananena m'Chingerezi chake cha m'basi, pang'onopang'ono, maso ali patebulo. Ananena mmene anawapezera, kuti thupi lawo linali lozizira chifukwa anali atakhalitsa pansipo, kuti sakanatha kudzuka okha, kuti pansi panali ponyowa ndipo iye anakolopa. Dokotala anafunsa mafunso ena osabisa mawu, ndipo Killian anayankha lililonse ngati akumeza munga. Kenako anafotokoza kuti kwawo mkamwini ndi apongozi sakambirana za thupi, ndipo tsiku loyezedwa lija iye anali m'chipindamo, choncho mayiwa sakanatha kunena, ndipo iye sakanatha kuwatsutsa. Anati wakhala akudziimba mlandu kuyambira tsiku limenelo, akuwaona akuonda.

A Phyllis anamva mawu alionse. Manyazi anali aakulu monga ankaopera, sanachepe ayi. Mada ankalira mwakachetechete, dzanja lili pakamwa. Anali namwino wosamalira anthu ena, ndipo anthu awiri a m'banja lake anali atamubisira zimenezi chifukwa cha ulemu umene iye ankauseka.

Anawatulutsa kuti akadikire panja. Atawaitananso, woweruza anati apilo yapambana, ndalama zibwerera kuyambira pamene zinaimira. Fiona anawagwira dzanja. A Phyllis ankayembekeza kuti amva chimwemwe, koma anangomva ngati munthu amene watula mtolo n'kupeza kuti khosi lauma kale. Flat inali yawobe. Anathokoza woweruza, anathokoza dokotala, n'kutuluka atatsamira pa Mada.

M'khonde muja Fiona, akulongedza mapepala ake, anawauza kuti asadzadabwe: pakapita chaka kapena ziwiri a boma angadzawaitanenso kuti akawayeze mwatsopano.

"Again?" anafunsa a Phyllis. "Mafunso omwewo?"

Fiona anati mwina omwewo ndithu.

Anakhala pa benchi, poti mwendo unali utayamba zake. Killian anali ataima chapatali, atatembenukira kuzenera, ngati munthu wodikira chilango. A Phyllis anamuitana. Anabwera n'kunjuta patsogolo pawo, pansi pozizira pa ofesi ya boma, anthu akudutsa.

"Munikhululukile, amai," anatero. "Nakuchotsani ulemu."

"Mwandisungira nyumba," anayankha. Anapuma kaye, chifukwa ngakhale kulankhula kunali kukuwalemera. "Mwamva zimene wanena mayiyu. Adzandiitananso. Tsiku limenelo mudzalowe nane, ndipo ndikadzayamba kunena kuti ndili bwino, musadzadikire chilolezo. Mudzanditsutse pomwepo, mwanangu. Ine mphamvu zonena kawiri ndilibe."