Lachitatu Langa Losala Kudya

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mlongo wanga wamng'ono, Takondwa, anagonekedwa pachipatala chachikulu cha ku Romford atadwala chibayo. Tinkakhala ku Ilford, m'kanyumba ka pamwamba pa shopu, ine, iye ndi amayi. Bambo anali akadali ku Malawi. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo kutchalitchi kwathu, komwe kunali holo ya sukulu imene Amalawi tinkabwereka Lamlungu masana, ankadziwika kuti ndi munthu wa mapemphero. Akayamba kudalitsa chakudya, ana tinkadziwiratu kuti mpunga tidya wozizira.

Lamlungu limenelo amayi anali kuchipatala. Mayi Nkhoma, mtsogoleri wa azimayi, analengeza kuti mpingo usala kudya molandizana, aliyense tsiku lake, kuyambira m'mawa mpaka sikisi koloko madzulo, kufikira mwana atachira. "Unyolo usaduke, abale," anatero. "Mmodzi akafooka, mdani alowera pomwepo." Lachitatu linasowa mwini poti ambiri anali ndi mashifiti aatali. Ine n'kukweza dzanja. Anthu anawomba m'manja, ndipo ndisaname, ndinamva kukoma ngati mwana ndamuchiritsa kale.

Lachitatulo m'mawa zinayenda bwino. Masana kusukulu ndinathawa fungo la tchipisi n'kukabisala mulaibulale, mimba ikulira moti ndinkatsokomola dala kuti ena asamve. Koma titaweruka, tikudikira basi m'mphepo yozizira, mnzanga anatsegula paketi ya mabisiketi a chokoleti n'kundilozetsa. Sindinganene kuti ndinaiwala. Ndinkadziwa bwinobwino chimene ndinkachita. Ndinadya imodzi, inakoma, ndinatenganso yachiwiri.

Pakhomo ndinapeza Mayi Nkhoma akundidikira. Anati Takondwa zamuvuta, amupititsa kuchipinda cha odwala kwambiri ndipo akupumira makina. Nditafunsa kuti zachitika nthawi yanji, anati cha m'ma folo koloko. Imeneyo inali nthawi ya mabisiketi aja. Njira yonse m'basi yopita kuchipatala ndinkatsuka mano ndi lilime, kuopa kuti chokoleti ioneka. Iwo anandisisita paphewa n'kunena kuti, "Limba mwanawe, watsala pang'ono kumasula." Ndinangoyang'ana pawindo, mumtima ndikuti ndapha mwana wa amayi anga.

Amayi tinawapeza atakhala pampando m'khonde, maso atatupa, nsapato atavula. Mayi Nkhoma atapita kukawafunira tiyi, ndinagwada pafupi nawo. "Mum, I ate," ndinanong'ona. Kenako ndinabwereza m'Chichewa, poti zinthu zolemera kwathu zinkanenedwa m'Chichewa. "Ndadya, amayi. Unyolo ndadula ndine."

Ndinkayembekezera mbama kapena vesi.

"Tadala," anatero, "ine mayi ako lero ndi tsiku lachisanu ndisanapemphere. Ndikatsegula pakamwa ndimangoti 'Ambuye', basi mawu atha. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati kuli amene akumva."

Zimenezi zinandiopsa kuposa mbama. Ndinkaganiza kuti ine ndikalephera, mapemphero a amayi atseka mpatawo, osadziwa kuti nawonso manja ali lende.

"Nanga Takondwa amugwira ndani?" ndinafunsa.

"Kaya, mwana wanga. Koma ngati moyo wake uli pa bisiketi yako ndi pakamwa pangapa, ndiye kuti tinatha kale. Dzuka pansipo, khala apa."

Ndinakhala pambali pawo atandigwira dzanja, chikhatho chawo chili thukuta lokhalokha. Chitseko chikatseguka, tonse tinkadzidzimuka. Pakapita kanthawi amayi ankati "Ambuye" motsitsa, ine n'kuyankha chimodzimodzi, ndipo palibe amene anawonjezerapo liwu lina.

Takondwa anatuluka patatha milungu itatu, ataonda, koma akulongolola monga kale. Kutchalitchi kunali chikondwerero. Mayi Nkhoma anachitira umboni kuti mwana wachira chifukwa unyolo sunaduke, nthungululu zikumveka m'holo monse. Amayi anavina nawo, misozi ikutsika, ndipo ndikudziwa kuti kuthokoza kwawo kunali kochokera pansi pa mtima. Koma tonse awiri sitinatsegule pakamwa kukonza umboniwo.

Lero ndine munthu wamkulu, ndimapempherabe ndipo ndimakayikabe. M'chipinda chija munali ana ena amene sanatuluke amoyo, mwina owapempherera sanalumphe ngakhale tsiku limodzi. Zimenezo zimandisautsa mpaka pano, yankho lake ndilibe. Mwana wanga akatentha thupi, mantha aja amabwerera, n'kuyamba kufufuza chimene ndalakwa sabata imeneyo. Ndikatero ndimadziletsa ndi chokhacho chimene ndinamvetsa: Mulungu amene ndingathe kumugwadira si woti angalande mwana moyo chifukwa choti mlongo wake anamva njala.