Ndinaletsa namwino wa ku Japani kupita kumaliro

Ndinanama bodza limodzi, inu owerenga, ndipo mpaka lero mutu wayera chonchi likundiwawabe. Ndinanamiza mwana wa eni amene ankanditchula kuti amayi, ndikuganiza kuti ndikumuteteza.

Zinali zaka zija tinkayenda titamangirira khadi la chipani kunsonga ya chitenje. Ine ndinkasesa ndi kuwiritsa majakisoni pakachipatala kena kwa Maganga. Kunabwera namwino wongodzipereka wochokera ku Japani, dzina lake Michiko, kamtsikana kochepa thupi, koseka kataphimba pakamwa. Anamupatsa nyumba yoyandikana ndi yanga, ntchito yake ili yoyeza ana pasikelo. Tsiku lomwelo wapampando wa chipani anandiitanira pambali. Anati mlendoyu ndi wa boma, akangotsegula m'mimba kapena kupunthwa chala, wokayankha ndine. Amene munalipo nthawi imeneyo mukudziwa kuti mawu otere sankawabwereza kawiri.

Basitu ndinayamba kumugwira ngati dzira. Iye ankafunitsitsa kukhala ngati ife. Ndinamuphunzitsa kumanga chitenje, poti thalauza linali loletsedwa kwa akazi, ndipo tsiku loyamba chinamuvuka pakati pa bwalo, tonse tinaseka mpaka misozi. Ankalemba Chichewa m'kakope, n'kumapereka moni ngakhale kwa makanda ali kumbuyo. Koma akanyamula ndowa kuti apite kudilawo, ndinkamulanda. Akagwira munsi kuti apunthe mpunga ndi anzake, ndinkati manja atupa. Amayi a m'mudzi akatumiza mbale ya chinangwa ndi usipa, ndinkalandirira kuseri n'kudya ndi ana anga, kuopa kuti zimudwalitsa. Ndinkadzitama kuti ndikusamala mlendo. Kupusa kwanga!

Khomo limodzi lokha ndinkamulola kupitako, chifukwa inali ntchito. Kunali kwa a Nankhoma, amene mwana wawo Esinati, wazaka ziwiri, anatupa miyendo, tsitsi litafiira. Masana alionse Michiko ankapalasa njinga kukamudyetsa phala la nsinjiro, pang'onopang'ono ndi kasupuni. Mwana uja anaphwa miyendo, anayamba kuyenda, ndipo akamva belu la njinga ankakuwa kuti "Chiko!" Kenako chikuku chinalowa m'mudzi, n'kumutenga m'masiku atatu okha.

M'mawa wa maliro ndinamupeza Michiko atavala kale chitenje ndi mpango, maso ali psuu. Ndinaganiza za chikuku, za madzi ndi zakudya za pamaliro, ndiponso za wapampando uja akamuona mlendo wa boma ali pansi pafumbi akulira. Ndinaima pakhomo n'kumuuza kuti mwambo wathu sulola mlendo kufika pamaliro a mwana. Mwambo wotere kulibe, inu owerenga, ndinaupeka pomwepo. Iye anangoweramitsa mutu, nati, "Pepani amayi, sindinadziwe." Tinakhala tsiku lonse pakhonde, nyimbo zikumvekera patali, ine ndikumulondera.

Sabata yotsatira pasikelo panabwera amayi asanu okha, inayo awiri. Kudilawo ndinamva ndi makutu angawa akunena kuti namwinoyu amakonda ana athu akamalemera pasikelo basi, akafa alibe nawo ntchito. Ndinangosenza ndowa yanga n'kumapita. Michiko akapereka moni panjira ankamuyankha akuyang'ana kumbali. Ankandifunsa ngati Chichewa chake chatukwana wina, ine n'kumati ayi, anthu atanganidwa ndi mpunga. Anayamba kuonda. Chinkamupweteka kwambiri chinali chakuti ana otupa analipobe m'midzi, koma amayi awo sankabwera nawo. Pamapeto pake analembera akuluakulu ake kuti amusamutse, kubwere wina amene amayi angamukhulupirire, ndipo anamuvomera.

Kutatsala masiku anayi kuti galimoto idzamutenge, anandibweretsera chitenje chatsopano atachipinda bwino, ndi kasupuni kaja pamwamba. Anandipempha kuti ndikapereke kwa a Nankhoma, poti iye mwambo sukumulola. Apa ndiye ndinalephera kupirira. Ndinakhala pansi n'kuulula zonse, za mbale zija, za kudilawo, za mwambo wabodza uja. Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Iye analira kwa nthawi yaitali, kenako anandigwira dzanja, nati, "Tiyeni amayi, mundiperekeze."

Tinawapeza a Nankhoma akuanika mpunga. Michiko anagwada pafumbi, ine ndinafotokoza mlandu wanga mutu uli pansi. A Nankhoma sanandiyang'ane n'komwe. Anamukumbatira Michiko, nati, "Mwanawe, tinakudikira. Abambo ankati tinyamuke, ine ndinkati ayi, Chiko wake sanafike. Bokosi tinalitseka dzuwa litapendeka kale."

Mawu amenewo sanandichoke m'khutu. Madzulo omwewo a Nankhoma anamutengera kumanda, ine ndinatsalira panjira chifukwa cha manyazi.

Nkhani inamveka mudzi wonse. Lachinayi pasikelo panadzaza mpaka pansi pa mtengo wa mango, wina atanyamula mazira, wina nkhuku. Michiko anadya chinangwa m'mbale imodzi ndi amayi, osadwala n'komwe. Anasenza ndowa kuchokera kudilawo, theka la madzi litatayikira m'khosi, amayi akululutira. Koma kalata inali itapita kale. Lachisanu galimoto inabwera, ndipo anangokhala nafe ngati mnzathu masiku anayi okha, pa miyezi khumi yonse. Namwino wina anadzabwera patapita nthawi yaitali, ndipo ana angati anavutika pakati pamenepo, sindifuna n'kuwerenga komwe.

Inu owerenga, mlendo akabwera kwanu kudzathandiza, musamutsekere m'nyumba ati kumulemekeza. Musiyeni atunge madzi, adye zimene mukudya, akhale pansi pamene mwakhala. Koposa zonse musamuyankhulire kwa anthu, ndipo musamubisire njira ya kumaliro. Ine ndinkaopa wapampando, koma iye sanandifunse kanthu mpaka anamwalira. Amene ndinawalakwira ndi mayi amene anakhala pambali pa bokosi lotsegula, akuyang'ana kunjira, pamene ine ndinali nditaima pakhomo.