Foni Ikalira Kawiri

"Ine ndinakwatiwa ndi munthu, osati ndi belu!"

Anatero mayi akunyumba kwanga ndisanatule ndi chikwama chomwe. Ndinali nditangofika kuchokera ku Joni, masiku asanu ndi anayi ndili pamsewu, fumbi la ku Tete likadali m'makutu. M'manja ndinali ndi bulangete latsopano ndi chigubu cha mafuta ophikira. Iwo anali ataima pakhomo, dzanja lina m'chiuno, lina likuchirikiza mimba ya miyezi isanu ndi itatu.

"Moni wake ndi ameneyu?" ndinafunsa.

"Inu moni mumaudziwa? Kafunseni pa golosale ngati mumaudziwa."

Apo ndinazindikira kuti nkhani ya Lachitatu inafika ku Chilomoni ine ndisanafike.

Zinali zaka zija matipate atakhazikika, aliyense ali ndi ufulu wolankhula, koma kulankhula pa foni kuli kodula. Ine ndinkayendetsa thiraki ya kampani ina ya ku Limbe. Ndinkanyamuka ndi tiyi, n'kubwerako ndi malata kapena feteleza. Mwanza, Zobwe, mlatho wa ku Tete, Nyamapanda, Harare, mpaka Joni. Msewu umenewo ndimautha ngakhale lero nditatsinzina.

Chakumapeto kwa zaka zimenezo bwana anatigulira mafoni a m'manja. Chinthu chake chinali ngati njerwa, chokhala ndi kanyanga pamwamba. Ndinkachikoleka palamba, ndipo ndikatsika minibasi anthu ankacheuka. Koma bwana ananeneratu kuti foniyo ndi ya katundu, si ya akazi athu. Ukangodutsa Mwanza, mphindi imodzi inkameza ndalama yoti ukanadyera tsiku lonse, ndipo ankadula pa alawansi. Ngakhale wina akuimbire uli kunja, wolipira unali iweyo.

Madalaivala tinachenjera msanga. Foni inkakhala yozima tsiku lonse, kuyatsa pa nthawi yopangana basi. Zoti ukanene unkayamba walemba kuseri kwa pepala la pa boda. Polankhula, maso pa wotchi, chifukwa ukangopyola ndi sekondi imodzi ankakuwerengera mphindi yathunthu. Mnzanga wina wa ku Bangwe ankalankhula ndi bwana ngati telegalamu: "Boda. Mapepala. Mawa." Phi, wadula.

Ine ndinapeza nzeru yoposa pamenepo. Foni yosayankhidwa salipira.

Kunyumba tinalibe foni. Koma pa golosale ya bambo wina wa kutchalitchi kwathu panali foni ya waya, yobiriwira, yokhala pashelefu pakati pa sopo ndi machesi, pozungulitsa manambala atakhomapo kaloko. Tinapangana kuti Lachitatu ndi Loweruka, faifi koloko madzulo, mayi akunyumba azikakhala pabenchi panja pa golosaleyo. Foni ikalira kawiri n'kusiya, ndiye kuti ndili bwino. Ikalira katatu, ndanyamuka, ndikubwera. Wina asayerekeze kuyankha. Mwini golosale ndinkamubweretsera mabisiketi a ku Joni, iye n'kumaseka kuti ndine munthu woumira kuposa mwenye wa nsalu.

Chaka chathunthu zinkayenda bwino. Ndikaima pa boda ya Beitbridge, mzere wa mathiraki utafika kosaoneka, ndinkaimba n'kumamvera kulirako. Ndinkachita kuiona benchi ija, phiri la Michiru kuseri, azimayi a tomato akulongedza, fungo la chimanga chootcha pa siteji. Kulira kuwiri kokha, ndipo mtima unkakhala pansi. Ndinkaganiza kuti nawonso a pabenchi mtima wawo ukukhala pansi chimodzimodzi. Sindinawafunsepo.

Lachitatu lija ndinali pa depoti ku Joni kudikira kuti andipakire. Zimene sindinadziwe n'zakuti mwini golosale anali atapita ku Limbe kukaoda katundu, mkazi wake ali kuseri kuyeza parafini. Pafupi ndi shelefu panakhala mayi ake a mwini golosale, agogo ochokera ku Phalombe amene anabwera kudzaonetsa maso kuchipatala. Palibe anawauza za pangano lathu.

Foni inalira kamodzi kokha.

"Eee, ndani kumeneko?"

Ndinayang'ana wotchi. "Ndine wa thiraki. Ikani foni pansi."

"Ndiike pansi tisanapatsane moni? Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera. Ikani foni."

"Ifenso taswera, koma masowa ndiwo akuvuta. Nanga kunyumba ali bwanji?"

"Agogo, ndili ku Joni ine."

"Ku Joni? Ndiye mwachita bwino kuimba. Kuli mwana wa achimwene anga kumeneko, anapita kumigodi kalekale. Wamfupi, wa mpata kumano. Simunamuoneko?"

Mukhoza kufunsa chifukwa chimene sindinangodula ndekha. Munthu wamkulu akulankhula sumudula, tinakula choncho. Chala chinali pa batani koma chikukana. Mphindi yoyamba inatha, yachiwiri inalowa, agogo akufotokoza za mpata wa kumano. Ndiye mutu unatentha. Chimene chala chinakana kuchita, pakamwa panachita choposa.

"Kodi ndinu ogontha? Mukundidyera ndalama inu! Ngati foni simuidziwa musamaigwire, bwererani kwanu mukagwire khasu!"

Ndinadula. Ndinakhala ndikutukwana ndekha m'thiraki mpaka anamaliza kupakira.

Zimenezo ndiye zinali kundidikira pakhomo tsiku lija.

"Ine ndinali nditaima pomwepo," anatero mayi akunyumba. "Dzanja nditatambasula, agogo aja amati akamaliza moni andipatse. Chaka chonse sindinamvepo mawu anu muli kunja. Tsiku loyamba kuwamva, akutuluka m'foni muja mukunyoza munthu wamkulu, ogula onse akumva."

"Mphindi zitatu zimenezo ndi matewera a mwanayo," ndinakalipa. "Mukuyesa ndimaumira chifukwa cha ine?"

"Ndiye matewerawo adzakuuzani kuti mwana wabadwa. Mwini golosale wati foni yake si ya anthu opanda mwambo. Loweruka ndinapitako, anandiuza kuti benchi ili ndi eni ake."

"Loweruka ndinaimba katatu."

"Inalirira sopo ndi machesi. Ine ndinali kuno."

Ndinaponya bulangete pampando. Iwo sanasunthe.

"Lolemba mukunyamukanso. Paja munapangana ndi mwini golosale kuti tsiku langa likafika adzakuimbirani, kamodzi akakhala mnyamata, kawiri akakhala mtsikana. Adzaimba ndani tsopano? Mukangotuluka Lolemba, ine ndikupita kwa amayi ku Chiradzulu. Za mwana wanu mudzamva kwa anthu."

Ndinalankhula zambiri madzulo amenewo, zina sindingazilembe pano. Ndinati Chilomoni yonse ilibe munthu wodziwa mtengo wa foni. Ndinati agogowo akanakhala kwawo. Mayi akunyumba anangonditengera madzi kubafa, n'kundiikira chakudya patebulo. Ndinadya ndekha. Pakona ndinaona chikwama chawo chachikulu cha paulendo atachitsitsa kale pamwamba pa kabati.

M'mawa mwake ndinayenera kukapereka mapepala ku ofesi eyiti koloko. Ndinavala malaya a kutchalitchi, foni ndinaisiya pansi pa pilo. Ndinatenga chigubu cha mafuta chija, ndinagulanso shuga pa golosale ina, chifukwa kugula pa golosale ya foni ija, kumene ndinkapita kukapepesa, ndinachita manyazi.

Agogo ndinawapeza pamkeka kuseri kwa shopu akuothera dzuwa, diso limodzi lomatidwa ndi thonje. Mwini golosale anaima pakhomo atapinda manja. Ndinavula chipewa, ndinakhala pansi padothi.

"Mwadzuka bwanji, agogo?"

Anapendeketsa mutu. "Mawuwa ndikuwadziwa. Si a ku Joni aja?"

"Ndine ndemwe. Ndinalakwa, agogo. Pakamwa panga m'poipa."

"M'poipadi. Khasu munandituma lija ndaligwira zaka zambiri kuposa zanu. Nanga kunyumba adzuka bwanji?"

Ndinayankha. Anafunsa za ana, mmodzimmodzi. Anafunsa za mimba, za makolo anga, za mvula ya kumene ndinachokera. Kenaka tinafika pa mwana wa achimwene awo. Ndinatulutsa pepala la pa boda, kuseri kwake ndinalemba dzina lake, mudzi wake, ndi mpata wa kumano. Ndinawauza zoona, kuti Joni ndi wamkulu, koma ndikafunsa kwa a kwathu amene amagona pa depoti.

Mwini golosale anatsokomola. "Lachitatu, faifi koloko," anatero. "Koma zolira kawiri zija zatha. Mkazi wanu aziyankha, ndipo muzilankhula naye. Akayamba kunyamula amayiwa, muyambe mwamaliza nawo moni."

Ndinavomera. Ndinadutsanso kwathu kukawauza mayi akunyumba, iwo n'kundiuza kuti ndibwezere chikwama chija pamwamba pa kabati, kenaka ndinathamangira minibasi. Ku ofesi ndinafika teni koloko itadutsa. Bwana anandikalipira pamaso pa alonda, ine ndinamumvetsera osamudula mpaka anamaliza.