Usumani ndi kachitseko ka mumtima

Usumani ndi nkhutukumve, ndipo amene ndikunena izi ndine Golden, mnzake wa zaka naini kuno ku Dubai. Anabadwira ku Ntaja ndi mtima wopunduka, milomo ili bii. Ali ndi zaka eyiti, anthu akufuna kwabwino anamutengera ku India kukamung'amba pachifuwa. Anagona miyezi itatu, mayi ake ali gadiyani. Chipsera chake ndi chachitali ngati zipi ya jekete.

Atakula anaphunzira udalaivala, n'kubwera kudzayendetsa galimoto ya banja lina ku Oud Metha: ana kusukulu, madamu kukagula zinthu. Chaka chatha anayamba kupuma mwawefuwefu akangoyenda pang'ono. Dokotala anati kachitseko kotulukira magazi opita kumapapo, kamene anakakonza ku India kaja, katha ntchito. Anati katsopano akapinda m'kapaipi, n'kukalowetsa kudzera mumtsempha wa m'mphechepeche.

Usumani anavomera, nati shukran, zikomo wa Chiarabu, koma titatuluka anandikoka malaya. "Achimwene, mtima uli kumtunda kuno. Kuntchafu akukafunako chiyani?" Ndisaname, nanenso mutu unaima. Tinagwirizana kuti dokotalayo akungomunyengerera kuti asaope mpeni.

Ndiye anachita zakwathu, zoti wokagona m'chipatala sasiya anthu m'malere. Anauza bwana wake, a Khalid, kuti miyezi itatu sagwira chiwongolero, apeze wina. Iwo anati adikire kaye. Iye anakakamira, mpaka anabweretsa yekha dalaivala wina, Sameer, n'kumuonetsa njira zonse zachidule zopita kusukulu.

Tsiku la opaleshoni, atatsitsimuka kuchipatala anadzisisita pachifuwa, osapeza bandeji. Anayamba kukangana ndi namwino kuti amubweza osamuchita opaleshoni. Mpaka namwinoyo anachita kumuonetsa chithunzi cha tiwaya tolukanalukana tili phee mumtima mwake. Usumani anachitembenuza kawiri, osamvetsabe. Tsiku lachiwiri anamutulutsa akuyenda yekha, ine ndili pambuyo ndi chikwama cha zovala za miyezi itatu, manyazi atandigwira.

Patatha masabata awiri anapita kuntchito atasita yunifolomu. A Khalid anamukumbatira, akusangalala zenizeni, kenako anayang'ana pansi. "Habibi, wokondedwa wanga, Sameer tasainirana naye zaka ziwiri. Suja unamubweretsa wekha?"

Anandiimbira foni ali pageti pomwepo, ine ndili pa shifiti ku Al Rigga. Zinandiwawa, chifukwa nzeru yopusayo tinapangira limodzi.

"Achimwene, ndachira," anatero. "Nanga ndilowere kuti?"